Mtsogoleri wa sindicato (bungwe la antchito) akapita ku Nyumba ya Malamulo, antchito amatsala ndi chiyani?

Chisale wa ku Ulónguè:
Akuluakulu, ndili ndi funso. M'misonkhano ya antchito ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete mukumveka mawu akuti zinthu sizidzasintha mpaka mmodzi wa iwo atakhala deputado (phungu) ku Maputo. Ena akutchula a Chakufwa Chihana a ku Malawi ngati chitsanzo. Inu amene mukuidziwa bwino mbiri yawo, tatiuzani: atalowa m'Nyumba ya Malamulo, antchito anapindulanji? Nanga kwathu kuno munthu amalowa bwanji?

Jere wa pa Dómuè:
AChisale, dzina limenelo kuno ku Angónia si lachilendo. Mu 1992 anthu ambiri a kuno anali othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndiye nkhani ya a Chihana anaimvera pafupi.

Anabadwa mu 1939 m'boma la Rumphi, kumpoto kwa Malawi. Utsogoleri wa bungwe la antchito anauyamba ali mnyamata, dzikolo lisanalandire ufulu. Anasemphana ndi a Kamuzu Banda chifukwa chipani cha MCP chinkafuna mabungwe a antchito akhale pansi pake, iwo n'kumakana. Anakakhalapo ku Kenya, ndipo atabwerera anatsekeredwa popanda mlandu kuyambira mu 1971 mpaka mu 1977. Atatuluka anakaphunzira ku Ulaya, kenako mu 1985 anakhala mlembi wamkulu wa SATUCC, bungwe lolumikiza mabungwe a antchito a maiko a kum'mwera kwa Africa kuno.

Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anawerengetsa m'matchalitchi kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Pa 6 Epulo a Chihana, pochokera ku msonkhano wa ku Lusaka, anatsika ndege ku Lilongwe ali ndi pepala loti awerenge, lopempha zipani zambiri. Apolisi anawagwira pabwalo la ndege pomwepo. Mu Disembala khoti linawalamula zaka ziwiri, apilo inachepetsa, ndipo anatuluka mu Juni 1993 kutatsala masiku awiri kuti anthu aponye voti ya riferendamu pa 14 Juni. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha zipani zambiri.

Nambewe wa ku Moatize:
Mwafotokoza bwino achimwene, koma mwaimira pamene nkhani ikukoma. Pitirizani mpaka pa 17 Meyi 1994. A Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, a Kamuzu 33, a Chihana 19. M'Nyumba ya Malamulo ya mipando 177, UDF inatenga 85, MCP 56, AFORD ya a Chihana 36. Tsono onani kumene mipando 36 imeneyo inachokera: 33 inali ya kumpoto, chigawo chonse osasiyako ndi umodzi womwe. Antchito a m'mafakitale a ku Blantyre, amene ananyanyala ntchito mu Meyi 1992 kuyambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, ena n'kuferapo, anali kum'mwera, ndipo kum'mwerako kunapambana UDF. Ndiye munthu amene dziko linamudziwa ngati wa antchito anasankhidwa ngati wa kwawo. Amene akulota za voti ya antchito ayambe aona manambala amenewa.

Nkhoma wa ku Furancungo:
Mayi Nambewe, manambala ndi omwewo, koma tisawachepetse bambowa. Popanda iwo ndi anzawo, mabungwe a antchito ku Malawi akanakhalabe nthambi ya chipani. Malamulo aakulu a 1994, pa ndime 31, analemba ufulu wokhazikitsa bungwe la antchito ndi wolowamo. Mu 1996 kunabwera Labour Relations Act, imene inakhazikitsa khoti la milandu ya pantchito, ndipo mu 2000 kunabwera Employment Act. Zonsezi zinatheka chifukwa chitseko chinali chitatsegulidwa.

Nambewe wa ku Moatize:
Chitseko anatsegula, zimenezo palibe akutsutsa. Koma chimene anachichita ndi kulimba mtima kwa pabwalo la ndege, osati mpando wa uphungu wa ku Rumphi. Funso la aChisale ndi lakuti atakhala pampando anachitanji.

Jere wa pa Dómuè:
Pamenepo ndiye povuta. Chisankho chitangotha AFORD inagwirizana ndi MCP, chipani chomwe chinawatsekera chija. Patangopita miyezi yochepa, mu Seputembala 1994, analowa m'boma la a Muluzi, ndipo malamulo anasinthidwa kuti pakhale udindo wa wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, umene iwo anakhalapo. Mu 1996 anatulukamo akudandaula za katangale, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo, chipani n'kugawanika. Mu 1999 anaima limodzi ndi a Gwanda Chakuamba a MCP, mipando ya AFORD n'kutsika kufika pa 29. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire inabweretsedwa ndi phungu wa AFORD, a Chihana akuichirikiza, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. Mu 2003 anabwereranso pa udindo uja. Pa chisankho cha 2004 AFORD inatsala ndi mipando 6. Anamwalira mu Juni 2006 ku Johannesburg, ndipo anaikidwa ku Mzuzu.

Ine ndimaona chonchi. Luso la munthu wa sindicato ndi kukambirana: lero ukufuna 20, bwana akuti 5, mukumana pa 10, mawa mukhalanso pansi. Antchito amalemekeza zimenezo chifukwa phindu lake amaliona pa malipiro mwezi ukatha. A Chihana anapita nalo luso lomwelo ku ndale, kumakambirana ndi aliyense amene ali ndi chopereka. Koma wovota alibe pepala la malipiro loti aonepo phindu. Iye amangoona kuti dzulo unali uku, lero uli uko.

Banda wa pa Zóbuè:
Tisakhalitse kutsidya kwa malire. Njira ya a Chihana kwathu kuno kulibe. Ku Malawi munthu amaima m'dera lake, dzina ndi nkhope yake zili pa pepala lovotera, ndipo atha kuima payekha popanda chipani. Kuno ku Assembleia da República sizitero. Mipando ilipo 250: 248 imagawidwa m'zigawo potengera chiwerengero cha olembetsa kuvota, iwiri ndi ya okhala kunja kwa dziko. Chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara, ndi dera limodzi la chisankho, mipando yake yopitirira 20. Mukagwira pepala lovotera aphungu muona dzina la chipani, chizindikiro chake ndi kabokosi kochongapo, basi. Dzina la munthu palibe. Opereka lista ya mayina ku CNE, bungwe loyendetsa zisankho, ndi zipani kapena migwirizano ya zipani. Sindicato singapereke lista. Magulu a nzika amaloledwa pa zisankho za município ndi za assembleia ya chigawo, koma osati ya ku Maputo.

Ndiye mtsogoleri wa antchito a mgodi, ngakhale akondedwe chotani ku Moatize, ayenera kupeza chipani choti chimulembe. Mapepala ake si ovuta: kope yotsimikizidwa ya BI (chitupa), khadi la wovota, registo criminal (kalata yosonyeza ngati munthu anapezekapo wolakwa kukhoti), ndi kalata yovomera kuima. Pamene ambiri amagwa ndi pa registo criminal yochedwa kutuluka ndi BI yotha ntchito. Koma nkhondo yeniyeni ndi ya nambala imene akupatsa pa listapo.

Chisale wa ku Ulónguè:
ABanda, tafotokozani za nambalayo. Kuti chipani chapeza mipando ingati amawerengera bwanji?

Banda wa pa Zóbuè:
Amagwiritsa njira ya D'Hondt. Ndipereke chitsanzo chongopeka kuti masamu aoneke. Tinene kuti mipando ilipo 5. Chipani A chapeza mavoti 60,000, B 28,000, C 12,500. Mavoti a chipani chilichonse mumagawa ndi 1, kenako 2, 3, 4, 5. A ipereka 60,000, 30,000, 20,000, 15,000, 12,000. B ipereka 28,000, 14,000, ndi kutsika. C ipereka 12,500 ndi kutsika. Tsopano tengani manambala asanu aakulu koposa: 60,000, 30,000, 28,000, 20,000, 15,000. A yatenga mipando 4, B umodzi, C yabwerera chimanjamanja ngakhale ili ndi anthu 12,500 kumbuyo kwake. Njira imeneyi imakondera chipani chachikulu, n'chifukwa chake kuyambitsa kachipani ka antchito okha n'kutaya ndalama.

Mipando ikadziwika, amayamba kutenga mayina kuchokera pamwamba pa lista. Zili ngati mzere wa pachigayo tsiku limene magetsi akuzimazima: akutsogolo agayitsa, akumbuyo abwerera ndi chimanga chawo pamutu. Chipani chimene chimapeza mipando 5 ku Tete chikakuika pa nambala 12, chakutenga kuti ukachikokere mavoti a antchito, osati kuti upite ku Maputo. Munthu asanavomere, ayang'ane mipando imene chipanicho chinapeza m'chigawo chino pa zisankho ziwiri zapitazi, atenge nambala yaing'ono pa ziwirizo, ndipo akane malo alionse oposa pamenepo. Malo a suplente ndi odikira kuti wina amwalire, atule pansi, kapena asankhidwe kukhala nduna, poti kuno nduna siikhalanso deputado nthawi imodzi monga zimachitikira ku Malawi.

Nangondo wa ku Songo:
Ndionjezerepo, bambo Banda. Ukalowa, mpandowo uli ndi chingwe. Malamulo aakulu a dziko amati deputado amataya mpando akalembetsa kapena kulandira udindo m'chipani china chosiyana ndi chimene chinamulowetsa. Mkati mwa Nyumbamo amavota monga bancada (gulu la aphungu a chipanicho) yagwirizana. Tsiku limene bajeti yabwera yopanda ndalama zimene aphunzitsi ndi anamwino akulirira, wa sindicato uja adzakweza dzanja pamodzi ndi anzake. Akakana, palibe amuchotse lero, koma pakatha zaka zisanu dzina lake pa lista silidzaonekanso, kapena lidzapezeka kumunsi kwenikweni.

Ndipo pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: malipiro ochepetsetsa sadutsa ku Assembleia n'komwe. Amakambidwa ku Comissão Consultiva do Trabalho, kumene kumakhala boma, olemba ntchito kudzera ku CTA, ndi antchito kudzera ku mabungwe awo aakulu, OTM-CS ndi CONSILMO. Amakambirana gawo ndi gawo, Conselho de Ministros (msonkhano wa nduna) n'kuvomereza, ndipo mwachizolowezi amayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo. Ulimi uli ndi mlingo wake, migodi ikuluikulu wake, ophwanya miyala ndi okumba mchenga wawo. Asodzi a kapenta a pa Cahora Bassa ali ndi mlingo wawowawo, ndipo ndi umodzi mwa yotsikitsitsa. Amene akufuna kukweza malipiro a mnyamata wogwira usiku pa bwato la kapenta akusowa mpando wa pa tebulo limenelo. Mtsogoleri akachoka kupita ku Assembleia, wachoka pa tebulo lomwe pamakambidwa ndalama.

Nkhoma wa ku Furancungo:
Koma mayi, Lei do Trabalho, lamulo la zantchito, imadutsa ku Assembleia. Lamulo la 23/2007 linalowedwa m'malo ndi la 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Tchuthi cha mayi wobereka chinachoka pa masiku 60 kufika pa 90, bambo anapatsidwa masiku 7. Zimenezi anavota ndi aphungu. Pakanakhala aphungu khumi odziwa za pantchito m'komiti yoona bilu ndime ndi ndime, zambiri zikanakonzeka. Taonani za ogwira ntchito m'boma: lamulo la 2014 linawalola kukhala ndi mabungwe, koma nkhani ya kunyanyala ntchito linaisiya m'malere. Nthawi ya TSU, ndondomeko yatsopano ya malipiro a m'boma, mu 2022 ndi 2023 madokotala ananyanyala, ndipo mkangano unali woti kodi n'zololedwa kapena ayi. Chimenecho ndi chosowa cha lamulo, ndipo wochikonza ndi phungu.

Nangondo wa ku Songo:
Mwanena zoona aNkhoma, ntchito ya m'komiti ndi yokhayo imene ndingavomere kuti ili ndi phindu. Koma bilu ya 2023 inayamba yakambidwa nthawi yaitali pakati pa boma, olemba ntchito ndi mabungwe isanafike ku Nyumba. Pofika kumeneko zazikulu zinali zitamangidwa kale. Inde deputado ali ndi ufulu wobweretsa bilu yakeyake, koma malamulo ambiri amene amadutsa amachokera ku boma. Mwati aphungu khumi. Tikukamba za mmodzi.

Jere wa pa Dómuè:
Za kutumiza gulu zinayesedwa ku South Africa. Mu 1994 COSATU, mgwirizano wa mabungwe a antchito kumeneko, inaika atsogoleri ake 20 pa lista ya ANC, pakati pawo a Jay Naidoo. Lamulo la pantchito la 1995 linatuluka labwino kwa antchito. Koma mu 1996 boma lomwelo linabweretsa ndondomeko ya chuma ya GEAR imene COSATU inaikana, ndipo aphungu aja anali kale anthu a chipani. A Cyril Ramaphosa anayambitsa NUM, bungwe la antchito a m'migodi, mu 1982, anatsogolera sitiraka yaikulu ya m'migodi ya 1987, koma pamene apolisi anapha anthu 34 ku Marikana mu Ogasiti 2012 iwo anali m'bodi ya kampani ya mgodiwo. Ku Zambia a Frederick Chiluba anatsogolera ZCTU, mgwirizano wa mabungwe a antchito, kuyambira mu 1974 mpaka anakhala pulezidenti mu 1991, ndipo ndi boma lawo limene linagulitsa makampani a boma, migodi ya kopa n'kutsirizidwa mu 2000, anthu ambiri ntchito n'kutha.

Banda wa pa Zóbuè:
Mwaiwala a Morgan Tsvangirai. Mlembi wamkulu wa mabungwe a antchito a Zimbabwe yense, koma mu 2000 mpando wa kwawo ku Buhera North anaulephera. Kumudzi khadi la sindicato silidziwika.

Nambewe wa ku Moatize:
Ndipo Tete ndi kumudzi. Ogwira ntchito yolembedwa ali ku migodi ya malasha ku Moatize, ku kampani ya magetsi ya HCB ku Songo, ku fakitale ya fodya mu mzinda, m'maofesi a boma ndi m'masitolo. Ochuluka ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ndi alimi a chimanga, mbatatesi ndi fodya. Mlimi wa fodya wa pa kontirakiti amalandira mbewu ndi feteleza pangongole, n'kugulitsa fodya wake kwa kampani yomweyo. Pamaso pa lamulo iyeyo si wantchito, ndiye sindicato siimukhudza. Ake ndi magulu a alimi monga UNAC. Waganyu wopalira m'munda wa mnzake ndiye alibe pepala lililonse. Ukakamba za INSS, thumba la penshoni la antchito, pa msika wa Dómuè, anthu akufunsa mtengo wa thumba la feteleza.

Chisale wa ku Ulónguè:
Ndamva. Koma tinene kuti munthu waumirira, malo abwino amupatsa. Bungwe lake lichite chiyani kuti lisagwe iye akachoka?

Nambewe wa ku Moatize:
Apa ndi pamene mabungwe ambiri amapunthwa. Mphamvu ya comité sindical, komiti ya sindicato pa kampani, ili pa zinthu zogwirika. Tengani pepala la malipiro la wantchito wa pa mgodi: pali mzere wa INSS, 3 pa 100 yodulidwa kwa iye, bwana n'kuonjezera 4 kuti zikwane 7. Pansi pake, ngati ndi membala, pali mzere wa quota, chopereka cha membala ku sindicato. Mzere umenewo umakhalapo pokhapokha wantchitoyo atasaina kalata yololeza kuti azimudula. Makalata amenewo, kaundula wa mamembala, ndi acordo colectivo (pangano la antchito ndi bwana) yosainidwa, ndiye bungwelo. Kawirikawiri zonsezi zimakhala m'chikwama ndi mu foni ya mlembi mmodzi.

Ndiye asananyamuke, choyamba atule pansi udindo poyera pa msonkhano wa mamembala onse, ndipo zilembedwe mu acta (maminitsi a msonkhano). Asanene kuti ndingoimitsa kaye ndidzabwera, chifukwa wotsalayo sadzakhala ndi mphamvu yosaina kanthu, ndipo bwana adzadziwa. Chachiwiri, osainira ku banki asinthidwe asanapite. Banki imafuna acta ndi ma BI a osainira atsopano, ndipo zikachedwa quota imalowa koma yosatulutsika, ofesi n'kulephera ngakhale kulipira ulendo wopita ku CEMAL, ofesi yoyanjanitsa antchito ndi mabwana, kukamva mlandu wa membala wochotsedwa ntchito. Chachitatu, wolowa m'malo akhale atakhalapo kale pa zokambirana za malipiro ulendo umodzi wathunthu, kuyambira polemba caderno reivindicativo (mndandanda wa zofuna za antchito) mpaka posaina. Amene sanaonepo momwe kampani imawerengera ma subsídio (ma alawansi) ndi maola oonjezera amanyengeka ndi nambala yaikulu ya pamwamba pomwe pansi amuchotsera. Chachinayi, aone tsiku limene acordo ikutha. Ngati likugwera m'miyezi ya kampeni, akambirane msanga.

Nangondo wa ku Songo:
Ndipo ndalama za quota, galimoto ndi chipinda cha bungwe zisakhudzane ndi kampeni. Ndime 86 ya malamulo aakulu imati mabungwe a antchito ndi oima paokha, osadalira olemba ntchito, boma, zipani kapena mipingo. Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbiri. OTM inakhazikitsidwa mu 1983 ndi Frelimo, kuchokera ku ma Conselhos de Produção (makomiti a antchito a pamalo a ntchito) a 1976, ndipo inalengeza zoima payokha mu 1990. Mu 1992 mabungwe atatu, la omanga ndi a m'migodi, la a mtengatenga wa pamsewu, ndi la a m'mahotela, anatulukamo, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera CONSILMO. Pa shifiti imodzi ku Moatize pali anthu a zipani zitatu kapena zinayi. Tsiku limene mtsogoleri wavala malaya a chipani pa geti la kampani, enawo amapita ku ofesi kukachotsa kalata yawo ya quota. Palibe amalengeza, mumangoona ndalama zolowa zikuchepa mwezi ndi mwezi.

Nkhoma wa ku Furancungo:
Choopsa china ndi greve (kunyanyala ntchito) ya nthawi ya kampeni. Lamulo la 2007 linkafuna kuti chidziwitso cholembedwa chiperekedwe kwa bwana ndi ku ofesi ya zantchito kutatsala masiku 5, ndipo 7 pa ntchito zofunikira kwa anthu onse monga magetsi, madzi ndi zaumoyo, kumenenso ntchito zina zochepa ziyenera kupitirirabe. Amene akukonza greve lero atsegule lamulo latsopanolo awerenge ndime zake asanalembe kalata. Masiku a greve malipiro amaima. Ikachitika mosatsata ndondomeko, onyanyalawo amalembedwa kuti ajomba popanda chifukwa, ndipo mlandu wa mwambo umatsatira. Mtsogoleri amene ali pa lista amafuna khamu loti lioneke pa TV, ndiye amafulumiza zinthu, kudumpha kukambirana ndi kuyanjanitsidwa. Iye mu Januwale akalumbira ku Maputo ali ndi chitetezo cha deputado. Oyendetsa makina aja alibe.

Jere wa pa Dómuè:
N'chifukwa chake ena amayambira pafupi. Ulónguè, Moatize ndi Tete onse ndi ma município, ndipo kumeneko gulu la nzika litha kupereka lista yake popanda chipani. Zokambidwa zake ndi misonkho ya pamsika, malo a ogulitsa, ziphaso za anyamata a njinga zamoto, madzi m'ma bairro. Munthu amagona kunyumba kwake, ndipo anzake a pantchito akhoza kumupeza Loweruka n'kumufunsa.

Banda wa pa Zóbuè:
Zoona, koma D'Hondt yomweyo ili komweko, ndipo kuyambira mu 2018 pulezidenti wa município ndi amene ali pamwamba pa lista yopambana, savoteredwanso payekha. Gulu la nzika liyenera kuyamba lalembetsa mwalamulo, kenako likalembetsenso ku CNE m'masiku amene kalendala ya chisankho yaika, ndipo lista ikhale yodzaza mipando yonse pamodzi ndi ma suplente. Munthu mmodzi akasowa pepala limodzi ndipo osalikonza m'masiku ochepa amene amapereka, lista yonse itha kukanidwa. Zisankho za ma município zinachitika mu 2023, ndiye zotsatira ndi za 2028. AChisale, auzeni anthu anuwo ayambe ndi kuona ngati ma BI awo adzakhale akugwirabe ntchito chaka chimenecho.

Chisale wa ku Ulónguè:
Zikomo akuluakulu. Mayi Nambewe, nkhani ya makalata a quota ija mundilembere padera, makamaka zimene kalatayo iyenera kukhala nazo kuti a ku ofesi ya malipiro asaibweze.

Nambewe wa ku Moatize:
Ndilemba pompano kuti ena aonenso. Dzina lonse monga lilili pa BI, nambala ya wantchito ya pakampani, dzina la sindicato, mlingo wodula, akaunti yolandirira, tsiku ndi saini. Makope awiri, ndipo imodzi adinde ku ofesi kuti alandira, ibwerere ku comité.